Kodi Myuda Akakhudza Ndalama pa Sabata Amadetsedwa?

Pali mphekesera yakuti Myuda akakhudza ndalama, nyundo kapena foni pa Sabata amadetsedwa kapena kugweredwa tsoka. Zimenezi si zoona, ndipo zimanyozetsa anthu amene amasunga mwambo wawo moganiza bwino.

Lamulo lenileni, lotchedwa muktzeh, limaletsa kusuntha kapena kunyamula zinthu zimene sizinakonzedwere ntchito ya tsikulo, koma kungokhudza chinthu popanda kuchisuntha n'kololedwa, ndipo za chidetso kapena temberero mulibemo. Analikhazikitsa ndi aphunzitsi achiyuda otchedwa arabi pofuna kuteteza mpumulo wa Sabata, ndipo Talmud, buku lakale la ziphunzitso za arabi, imanena kuti linakhwima m'nthawi ya Nehemiya, amene anaona anthu akuponda mphesa ndi kusenzetsa abulu katundu pa tsikuli (Nehemiya 13:15).

Zinthu zoletsedwazinso n'zosiyanasiyana. Ndalama ndi miyala sazinyamula, pomwe Mishnah, buku lakale la malamulo achiyuda, imalola munthu kutenga nyundo n'kuswera mtedza wa chigoba cholimba, chifukwa kuswera mtedza kuti adye si ntchito yoletsedwa. Moyo wa munthu ukakhala pangozi, lamulo lachiyuda limalamula Myuda kunyamula foni n'kuitana dokotala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa Sabata.