Anime si maso aakulu okha

Achinyamata ambiri amene amaphunzira zojambula kuno ku Kasungu amafuna kutenga munthu wa m'gemu ya pakompyuta kapena pafoni amene amamukonda, kaya wa mpira kaya wa nkhonya, n'kumujambula mwa anime, kajambulidwe ka makatuni a ku Japan. Amayambira kukulitsa maso, kenako n'kumadabwa kuti anzawo sakumuzindikira munthuyo.

Maso aakuluwo anawatchukitsa ndi Osamu Tezuka, amene katuni yake ya Astro Boy inayamba kuonetsedwa pa TV ku Japan mu 1963. Ndalama zinali zochepa, choncho m'malo mwa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, nthawi zambiri ankajambula 8 kapena kucheperapo. Thupi likangoima chilili, maso ndi pakamwa ndizo zinkauza woonera kuti munthuyu wakwiya kapena wachita mantha. N'chifukwa chake mu anime mphuno imangokhala kamzere, chibwano chosongoka, makwinya n'kuchotsedwa. Ntchito yaikulu ndi yosankha zochotsa ndi zosiya.

Zosiyazo mungazidziwe bwanji? Taonani Mario. Pamene Shigeru Miyamoto, wopanga magemu wa ku Japan, ankamupanga mu gemu ya Donkey Kong mu 1981, makina ankangoonetsa timadontho tochepa. Anamuveka chipewa kuti asavutike ndi tsitsi, anamupatsa ndevu za pamwamba pa mlomo kuti pakamwa pasafunike, ndipo ovolosi inathandiza kuti manja azioneka akamayenda. Zitatuzi zikakhalapo, mujambuleni mulimonse, ngakhale mwana amutchula dzina. Munthu aliyense wa m'gemu ali ndi zizindikiro zake zotere. Ine ndimauza ophunzira kuti asanagwire nkhope, apake thupi lonse utoto wakuda bii, kungotsala chithunzithunzi chake. Mnzanu akalephera kumudziwa pamenepo, maso sangakupulumutseni.

Kenako muyeze thupi. Munthu wamkulu kutalika kwake kumakwana mitu yake 7 kapena 8. Kajambulidwe kotchedwa chibi kamangofuna mitu iwiri kapena itatu. Sankhani msanga, chifukwa msilikali woopsa mukamupatsa mutu waukulu amasanduka kamwana.

Mthunzi wa anime sufalikira pang'onopang'ono monga pa chithunzi cha kamera. Umadulidwa ndi mzere woonekeratu: mtundu umodzi powala, wina pamthunzi, basi. Akatswiri amati cel shading, ndipo magemu ngati Jet Set Radio ya mu 2000 ndi Guilty Gear Xrd ya mu 2014 anaonetsa kuti ngakhale zithunzi za 3D, zopangidwa pakompyuta, zingathe kuoneka ngati zojambula pamanja.

Koma chimene chimandiwawa mtima ndi khungu. Mwana wa kwathu konkuno amatenga munthu wakuda wa m'gemu, n'kumuyeretsa khungu ndi kumuwongola tsitsi, poganiza kuti anime imafuna choncho. Ayi ndithu. Khungu lakuda limatuluka bwino kwambiri m'kajambulidwe kameneka, bola mthunzi wake musaupange wotuwa ngati phulusa. Tengani mtundu wa khungulo, muudetse n'kuukokera pang'ono ku kufiira, ndipo muike kuwala pang'ono pachipumi ndi m'masaya. Tsitsi la anime salijambula limodzilimodzi, amalijambula m'magulu, ndiye tsitsi lathu lopotana kapena loluka silivuta n'komwe: jambulani mpangidwe wake wonse, muikemo timizere towerengeka. Milomo ndi mphuno muchepetse mizere yake, koma kukula kwake mukusiye momwe kulili.

Zipangizo zisakuopseni. Pensulo ndi pepala n'zokwanira poyamba. Pafoni pali pulogalamu yojambulira ya ibisPaint, pakompyuta pali Krita imene ndi yaulere.

Chenjezo ndi la malonda. Mario ndi wa kampani ya Nintendo ngakhale mutamujambula ndi dzanja lanu. Kuphunzirirapo kunyumba palibe vuto, koma kumusindikiza pa matisheti n'kumagulitsa pamsika wa Kasungu popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo loteteza eni luso. Ngati mukufuna kupeza ndalama, pangani munthu wanuwanu, kaya wakabaza, kaya mayi wosankha fodya m'chigafa, mum'patse zizindikiro zake zitatu. Ameneyo mungamusindikize ndi kumugulitsa popanda wokufunsani.