Kusankha Zida Zoitanira Thandizo Poyenda M'nkhalango ndi M'mapiri Akutali

Munthu akathyoka mwendo, akalumidwa ndi njoka kapena akakomoka ndi kutentha ali kutali ndi msewu, kuchira kwake kumadalira kwambiri maola amene adutse thandizo lisanamupeze. Wovulala amene wagona pansi usiku wonse zovala zitanyowa amatha kuzizidwa mpaka kutentha kwa m'thupi mwake kuchepera madigiri 35, ndipo akafika pamenepo amayamba kusokonezeka maganizo, zala zake n'kumalephera ngakhale kutsegula zipi ya chikwama. Pa chifukwa chimenechi, zida zoitanira thandizo ziyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mabandeji ndi mankhwala, ndipo posankha chida chilichonse muzidzifunsa ngati mungathe kuchigwiritsa ntchito ndi dzanja limodzi, mumdima, mukunjenjemera ndi ululu.

Zida zimenezi zimagwira ntchito ziwiri zosiyana, zomwe anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi kudziwitsa anthu amene ali kutali kuti mwagwa m'mavuto komanso dera limene muli. Yachiwiri ndi kuthandiza opulumutsa amene afika kale m'deralo kuti akuoneni kapena kukumvani, chifukwa munthu amene wagona m'chigwembe kapena m'zitsamba zowirira angathe kupitiriridwa ndi omufunafuna pa mtunda waufupi kwambiri. Palibe chida chimodzi chimene chimakwanitsa bwino ntchito zonse ziwirizi.

Kudziwitsa anthu akutali

Foni ya m'manja ndi imene aliyense amaganizira poyamba, koma imadalira milongoti ya netiweki, yomwe m'madera opanda anthu imakhala yochepa kapena kulibiretu. Foni ikamasakasaka netiweki imadya batire mofulumira, choncho ndi bwino kuizimitsa n'kumaiyatsa mukafika pamalo okwera. Pamene netiweki ili yofooka, uthenga wolemba umatha kudutsa ngakhale kuimba kukukanika. Kuyambira mu 2022 mafoni ena, monga iPhone 14, anayamba kutumiza uthenga wa ngozi kudzera pa setilaiti, koma zimenezi zimatheka m'mayiko ena okha, ndipo foni imene mwakhala mukujambulira zithunzi tsiku lonse siingakhale chida chokhacho chodalira.

Chida chimene chinapangidwira ngozi yeniyeni ndi kachipangizo kotchedwa PLB (Personal Locator Beacon), kodziwitsa opulumutsa malo amene munthu ali. Mukatambasula eriyo yake n'kudina batani, kamatumiza chizindikiro cha wailesi pa 406 MHz kupita ku masetilaiti a Cospas-Sarsat, dongosolo limene mayiko a Canada, France, United States ndi Soviet Union anagwirizana kukhazikitsa mu 1979, ndipo linathandiza kupulumutsa anthu koyamba mu 1982 ndege itagwa ku Canada. Uthengawo umatumizidwa ku likulu la opulumutsa limene limayang'anira dera lomwe muli. Kachipangizoka kamatulutsanso chizindikiro china chofooka pa 121.5 MHz, chimene ndege ndi magulu oyenda pansi amachitsata akayandikira. Ubwino wake ndi wakuti sikafuna malipiro a mwezi ndi mwezi, batire yake imakhala zaka zisanu kapena kuposerapo isanafunike kusinthidwa, ndipo kakayatsidwa kamayenera kugwira ntchito kwa maola osachepera 24. Sankhani kamene kali ndi GPS mkati mwake, pakuti kamatumiza malo enieni amene muli m'malo mwa dera lalikulu lofunika kulisakasaka. Musalandire chipangizo chakale chimene chimatumiza pa 121.5 MHz pokha, ngakhale wina akupatseni chaulere, chifukwa masetilaiti anasiya kumvetsera chizindikiro chimenecho mu February 2009.

Chinthu chimene ambiri amachinyalanyaza akagula PLB ndi kulembetsa. Chipangizo chilichonse chili ndi nambala yakeyake ya zilembo ndi manambala 15, ndipo mukachilembetsa ku bungwe loyenera m'dziko limene nambalayo inakonzedwera, opulumutsa amadziwa mwini wake ndi wachibale amene angamuimbire kuti atsimikize za ulendowo. Amene ali ndi matenda a shuga, a mtima, mphumu kapena khunyu achita bwino kulemba zimenezi ngati fomu yolembetsera ili ndi malo ake, kuti obwerawo anyamule zoyenera.

Vuto la PLB ndi lakuti simungafotokoze chimene chachitika. Apa ndi pamene zipangizo zotumizira mauthenga pa setilaiti, monga Garmin inReach imene imadalira masetilaiti 66 a Iridium ozungulira dziko lonse, zimaposa. Ndi chipangizo chotere mungathe kulemba kuti wodwala walumidwa ndi njoka nthawi yakutiyakuti, akupuma movutikira, ndipo mungalandire malangizo a zoyenera kuchita podikira. Mungathenso kuuza achibale kuti mwangochedwa chabe, kuti asatumize anthu kukakufunani popanda chifukwa. Koma zipangizozi zimafuna kulipira kuti zikhale zotsegula, zimafuna kutchajidwa, ndipo mukaiwala kulipira, batani la SOS loitanira thandizo silingakuthandizeni. Mayiko ena, monga India, saloleza kulowa ndi zipangizo zina zolumikizana ndi setilaiti popanda chilolezo, choncho fufuzani malamulo a kumene mukupita. Kwa gulu limene lili ndi munthu wodwaladwala, chipangizo chotha kutumiza ndi kulandira mauthenga ndicho choyenera. Kwa woyenda kamodzikamodzi amene akungofuna chida chosavuta kusamala, PLB ndi yokwanira.

Zipangizo zonsezi zimafuna kuona thambo. Mukakhala m'phanga, m'chigwa chakuya kapena pansi pa mitengo yothithikana, sunthirani poyera ngati n'kotheka popanda kuwonjezera kuvulala, imikani eriyo choongoka, ndipo mukayatsa musazimitse mpaka opulumutsa atafika. Mukayatsa mwangozi, zimitsani ndipo dziwitsani opulumutsa mwamsanga.

Kuthandiza opulumutsa kuti akupezeni

Wezulo ndi chida chaching'ono kwambiri pa zonse, komabe n'chovuta kuchilowetsa m'malo ndi china. Kukuwa kumatopetsa, kumaumitsa kukhosi, mawu n'kusasa m'kanthawi kochepa, ndipo munthu wothyoka nthiti sangakuwe n'komwe, pamene wezulo amangofuna mpweya pang'ono ndipo amamveka patali kuposa mawu a munthu. Sankhani wapulasitiki wopanda kanjere mkati, popeza kanjereko kamakakamira kakanyowa kapena kakaundana ndi chisanu, ndipo wachitsulo amamata pamilomo kukazizira koopsa. Munthu aliyense m'gulu, kuphatikizapo ana, akhale ndi wake womangirira pa chovala, chifukwa munthu akagwa kuphompho kapena akakokoloka ndi mtsinje nthawi zambiri amasiyana ndi chikwama chake. Ku North America chizindikiro chodziwika ndi kuliza katatu, pamene ku mapiri a Alps ndi ku Britain amaliza kasanu ndi kamodzi pa mphindi imodzi, n'kupuma mphindi imodzi, kenako n'kubwereza. Chofunika ndi kubwereza mwadongosolo ndi kusiya mpata womvetsera yankho, ndipo musaleke mukayankhidwa, pakuti okufunaniwo akutsata kumene kulirako kukuchokera.

Masana kukakhala dzuwa, kalilole amatha kuonekera pa mtunda woposa makilomita 10. Wabwino ndi amene ali ndi kabowo koyang'anira pakati. Ngati alibe, tambasulani mkono, ikani ndege imene mukufuna kuti ikuoneni pakati pa zala ziwiri zotanyula, ndipo yendetsani kuwalako kuti kuzidutsa pa zalazo. Luso limeneli limafuna kuyeserera ulendo usanayambe. Usiku ntchito imeneyi imagwiridwa ndi tochi yovala pamphumi yotha kuthwanima, yokhala ndi mabatire apadera. A lithiamu amapirira kuzizira kuposa wamba, ndipo zida zonse za batire zisungidwe pafupi ndi thupi. Chizindikiro cha SOS ndi kuthwanima kwakufupi katatu, kwakutali katatu, kenako kwakufupi katatu.

Nsalu yaikulu kapena thumba lopulumukira la mtundu wa olenji limagwira ntchito ziwiri, chifukwa limafunditsa wovulala komanso limaonekera bwino kuchokera m'mwamba. Pamalo oyera mungathe kuyala miyala kapena zovala mwa chilembo chachikulu cha V, kutanthauza kuti mukufuna thandizo, kapena X, kutanthauza kuti pakufunika thandizo lachipatala. Helikopita ikayandikira, kwezani manja onse awiri m'mwamba kuti thupi lioneke ngati chilembo cha Y, ndipo musagwedeze dzanja limodzi ngati mukupereka moni. Moto, utsi ndi zowombera kuwala m'mwamba zimaoneka patali, koma zimapsereza anthu, zimayambitsa moto wolusa m'nyengo youma, ndipo zowomberazo zimatha mphamvu pakapita zaka zochepa komanso siziloledwa m'ndege zonyamula anthu.

Musananyamuke, onani tsiku lotha ntchito la batire ya PLB, yesani chipangizo chilichonse motsatira njira yoyesera imene opanga anaika, ndipo onetsani anzanu onse pamene chili ndi mmene chimayatsidwira, popeza wovulalayo angakhale mwini chipangizo. Siyirani munthu wodalirika pepala lofotokoza njira imene mudzere, chiwerengero cha anthu, matenda amene ena ali nawo, tsiku lobwerera, ndi ola lenileni limene ayenera kudziwitsa opulumutsa ngati sanamve chilichonse kuchokera kwa inu.