Chubu si bwato: kwa amene akufuna kuyandama pa Shire

Sabata yatha mnyamata wina wa ku Blantyre anandiimbira foni. Iye ndi anzake akukonza zobwera kuno kuchigwa mu Okutobala, kudzagona m'matenti masiku atatu. "Achimwene," anatero, "tapeza machubu a lole. Tikufuna tikalowe m'madzi kumtunda kwa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, madzi azititenga pang'onopang'ono ngati mmene amachitira pa TikTok paja. Mungatiperekeze?"

Ndinakana. Ntchito yanga ndi yoperekeza alendo pa boti mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, ndipo pempho lotere layamba kubwera pafupipafupi, choncho ndifotokoze chifukwa chake.

Masewerawa alipodi, ndipo kwawo ndi okoma. Ku Texas, m'dziko la America, anthu ambirimbiri amakhala pa machubu m'mitsinje ya Comal ndi Guadalupe m'miyezi yotentha ya kumeneko, Juni mpaka Ogasiti. Madzi ake ndi oyera moti pansi pamaoneka, malo olowera ndi otulukira ndi odziwika. Chimene vidiyo sikuuzani n'chakuti m'mitsinje imeneyo mulibe mvuu, mulibenso ng'ona zathu zino.

Taganizani mmene munthu amakhalira pa chubu. Matako ali m'madzi, miyendo ikulendewera, manja akupalasa mwapang'onopang'ono. Ng'ona imamva kugwedezeka kwa madzi ngakhale sikuona kanthu, chifukwa m'mbali mwa nsagwada zake muli timadontho tomwe timamva kanthu kakang'ono kakavundula madzi. Kwa iyo, munthu woyandama chonchi sasiyana ndi mbuzi imene yagwera mumtsinje. Madzi a Shire kunsi kwa mathithi a Kapichira ndi amatope. Mukaviika mkono mpaka m'chigongono, zala simuzionanso. Ine ndaonapo ng'ona yaikulu itagona pamchenga kukamwa kuli yasa, boti likuyandikira, n'kutsetserekera m'madzi popanda ngakhale kaphokoso. Pamene inalowa panangotsala timizere tiwiri pamatope. Asodzi a m'dambo, amene anabadwira pamadzi amenewa, amagwidwabe ali m'bwato poonjola maukonde. Nanga inu pa chubu?

Ndipo Okutobala amene anyamatawa asankha ndiye nyengo yovuta kwambiri. Kutentha ku Ngabu ndi ku Nsanje kumapitirira madigiri 40, thupi limafuna madzi, ndikumvetsa. Koma ndi nthawi yomweyi ng'ona zazikazi zimakhala zitaikira mazira mumchenga wa m'mphepete, n'kumalondera pafupi kwa miyezi pafupifupi itatu. Kamchenga koyera kamene mukuti tipumirepo kakhoza kukhala chisa.

Mvuu ndiye imandidetsa nkhawa kuposa ng'ona. Siidya munthu, koma siifuna kuyandikiridwa, makamaka ikakhala ndi mwana. Imatha kukhala pansi pa madzi mphindi ngati 5, ndiye poti paoneka bata sindiye kuti palibe. Woyendetsa boti akaona timakutu patali amakhota n'kudutsa mbali ina. Chubu chilibe nkhafi, chilibe chiwongolero. Kumene madzi akupita inunso mukupita komweko, ngakhale kukhale pakati pa gulu la mvuu.

Tichotsepo nyama, mtsinje wokhawo uli ndi zake. Pokhota, madzi amathamanga ndi kuzama mbali yakunja, n'kumakumba gombe chapansi mpaka mitengo kugweramo. Mtengo wogwera m'madzi uli ngati sefa: madzi amadutsa m'nthambi, munthu amatsala atakanikizidwa, ndipo mphamvu ya madzi siimulola kudzuka. Chiyambire namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, njira za madzi zinasintha m'malo ambiri, ndipo zitsa ndi zigumukire zili pomwe kale panali poyera. Kunsi, cha ku Elephant Marsh, mtsinje umagawikana timifuleni tambirimbiri pakati pa bango, gumbwa ndi namasupuni. Ngakhale ife timafunsa asodzi njira.

Ena amati, chabwino, tipita ku timitsinje tating'ono. Samalani ndi mvula yoyamba. Kuno dzuwa likhoza kukhala likuswa mtengo pamene kumapiri a Thyolo kapena ku Mwanza kwagwa chimvula, ndipo mtsinje wa mchenga ngati Mwanza umadzaza mwadzidzidzi. Musamange tenti pamchenga wa mumtsinje, ngakhale pauma bwanji.

Pali chinanso chimene sichiluma tsiku lomwelo: likodzo. Tizilombo take timachokera mu nkhono za m'madzi odekha, m'mbali mwa bango ndi m'ngalande za kuminda, ndipo timalowa pakhungu popanda bala. Patapita milungu ingapo munthu amayamba kukodza magazi kapena kumva m'mimba. Ngati munasamba m'madzi otere, pitani kuchipatala mukayezetse. Mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Mnyamata uja anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa kuti, "Ndiye tisabwere?" Bwerani ndithu, ndinamuuza. Ku Majete, komwe bungwe la African Parks lakhala likusamalira kuyambira 2003, kuli malo omangapo matenti, ndipo mathithi a Kapichira, amene anaimitsa sitima ya David Livingstone mu 1859, mumawaona muli pamtunda pouma. Ku Lengwe mukaona nyala zikubwera kudzamwa madzi m'mawa. Elephant Marsh, yomwe inalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2017, ndi ya mbalame zosawerengeka. Kalowenimo ndi munthu wodziwa njira, mutavala jekete yoyandamitsa, manja ali m'kati mwa bwato.

Tenti muimange kutali ndi gombe, ndipo muyambe mwayang'ana pansi. Mukaona kanjira kopondedwa bwino kochokera m'madzi, kokhala ndi ndowe zomwazika m'tchire, imeneyo ndi njira ya mvuu yopitira kukadya usiku, sunthani. Madzi tungani ndi ndowa yomangirira chingwe, masana, osati pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Machubu aja ndinamuuza awasiye ku Blantyre, m'malo mwake anyamule neti yoteteza udzudzu ndi zigubu za madzi akumwa.