Musanapereke chikho kwa timu yanu, werengani kaye malamulo a mpikisano

Mpikisano waukulu ukangoyamba, aliyense amasanduka mlosi. Timu ikathambitsa inzake 4-0 tsiku loyamba, masapota amaipatsiratu chikho. Ikagonja, amayamba kuimangira katundu. Komatu masewero oyamba ndi amene amanamiza kwambiri. Ku Qatar mu 2022, Argentina inagonja 2-1 ndi Saudi Arabia, koma ndi yomweyo inakanyamula World Cup. Spain nayo mu 2010 inayamba ndi kugonja 1-0 ndi Switzerland. Sizodabwitsa ayi: osewera amachokera ku makalabu osiyanasiyana, amakhala limodzi masiku ochepa, ndipo mphunzitsi amakhala akufufuzabe anyamata 11 amene amamvana.

Wolosera wanzeru amayamba wafunsa kuti m'gulu lililonse mukudutsa matimu angati. Ku AFCON (mpikisano wa mayiko a mu Africa) ndi ku Euro (wa mayiko a ku Ulaya) kumakhala matimu 24 m'magulu 6. Awiri apamwamba amadutsa, kenako amatenganso matimu 4 omwe achita bwino mwa amene athera pa nambala 3. Ndiye kuti mapointi 4 kawirikawiri amakwana, ndipo nthawi zina ngakhale 3. Portugal inatenga Euro mu 2016 italepherana masewero onse atatu a m'gulu.

Nkhani ya Ivory Coast ndiyo inaposa zonse. Mu Januwale 2024, pa AFCON yochitikira kwawo, inakwapulidwa 4-0 ndi Equatorial Guinea, mpaka mphunzitsi Jean-Louis Gasset anachotsedwa ntchito mpikisano uli m'kati. Inali ndi mapointi 3 okha, ikudikira zotsatira za ena. Morocco itagonjetsa Zambia 1-0, mpata unapezeka. Emerse Faé anatenga timu, n'kutulutsa Senegal pa mapenate, Mali m'nthawi yowonjezera, kenako DR Congo, ndipo mu fainolo anagonjetsa Nigeria 2-1. Amene anailira maliro tsiku la 4-0 lija anali asanaone kuti khomo la nambala 3 linali lidakali chitsegukire.

Nanga matimu akafanana mapointi? Apa ambiri amaphonya, chifukwa malamulo amasiyana. CAF ndi UEFA, mabungwe oyendetsa mpira mu Africa ndi ku Ulaya, amayamba ayang'ana zotsatira za masewero a pakati pa matimu ofananawo. Pa World Cup ya 2018 ndi ya 2022 ankayamba ndi kusiyana kwa zigoli zochinya ndi zochinyidwa. Pa World Cup, zonse zikafanana, makadi amalowapo. Mu 2018 Senegal ndi Japan anali ndi mapointi 4 aliyense, zigoli zofanana, ndipo atakumana analepherana 2-2. Senegal inabwerera kwawo chifukwa inali ndi makadi achikasu 6, Japan 4. Tangoganizani, khadi lomwe wosewera anapatsidwa mwina pokokera mnzake jezi pakati pa bwalo.

Masewero achitatu a m'gulu muziwatenga mosamala. Timu yomwe yadutsa kale imapumitsa akatswiri ake. N'chifukwa chake mu 2022 Tunisia inagonjetsa France 1-0, Cameroon n'kugonjetsa Brazil 1-0, koma onse awiri anatuluka pomwe ogonjawo anapitirira ali pamwamba pa magulu awo. Zigoli zotere sizikuuzani chilichonse za mphamvu ya France kapena Brazil.

Mu ndime yachipulula tengani pepala, mujambule njira yonse mpaka ku fainolo. Timu yanu itha kukhala yabwino, koma ngati panjira pake pali zimphona zitatu zondondozana, mwayi wake ndi wochepa poyerekeza ndi timu yapakatikati yomwe yagwera mbali yopepuka. Pambali pa dzina lililonse lembani zinthu zitatu: masiku opuma kuchokera pamasewero apitawo, mphindi zomwe yasewera, ndi osewera amene ali ndi khadi lachikasu. Makadi awiri m'masewero osiyana ndiye kuti wosewerayo saoneka pamasewero otsatira, ndipo ngati ali wotchinga wapakati kapena wogwira pakati pa bwalo, timu yonse imasokonekera. Za mphindi musazipeputse. Croatia mu 2018 inasewera nthawi yowonjezera katatu kotsatizana. Mphindi 30 katatu ndi 90, masewero athunthu omwe France sinasewere. Mu fainolo France inapambana 4-2. Kutopa sikunali chifukwa chokhacho, koma wolosera amene sanakuwerengere analakwitsa samu.

Masapota amakonda kuwerenga mayina a omwetsa zigoli, chonsecho m'ndime imeneyi amene amakutengerani patali ndi otchinga kumbuyo ndi goloboyi. Chigoli chimodzi chimakwana, ndipo zikakanika pali mapenate. Morocco inakhala timu yoyamba ya mu Africa kufika mu semifainolo ya World Cup mu 2022, koma m'masewero asanu oyamba inachinyidwa kamodzi kokha, nachonso chinali chigoli chodzichinya okha pokumana ndi Canada. Pokumana ndi Morocco, Spain inasunga mpira pafupifupi masewero onse osapeza polowera, ndipo pa mapenate inalephera kugoletsa ndi imodzi yomwe: ina inamenya chitsulo, ziwiri goloboyi wa Morocco Yassine Bounou anazigwira.