Mbale za Polish Jazz ndi mmene mungazizindikirire

Anthu osonkhanitsa mbale za galamafoni za jazz fusion, nyimbo zosakaniza jazi ndi zida zamagetsi zimene zinafala m'zaka za m'ma 1970, amathamangira za ku America, koma ine ndimawalangiza kuti aponyenso maso ku Poland. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960, kampani ya boma ya Polskie Nagrania Muza inkatulutsa mbale motsatizana pa dzina lakuti Polish Jazz, iliyonse ndi nambala yake pachikuto, ndipo pofika 1989 zinali zitakwana 76.

Imene ndimayamba kumvetsera anthu ndi nambala 33, Winobranie ya woyimba sakisofoni Zbigniew Namysłowski, ya mu 1973. Namysłowski anatenga kayimbidwe ka m'midzi ya ku Poland n'kukaika m'kamenyedwe kovuta kukawerenga, moti phazi limasochera poyamba, kenako limapeza njira yake, ndipo likatero munthu safunanso kuchotsa singano. Mu 1976 magulu awiri a mumzinda wa Kraków anatulutsa mbale zotsamira kwambiri pa zida zamagetsi: Extra Ball ya woyimba gitala Jarosław Śmietana inatulutsa Birthday, ndipo Laboratorium inatulutsa Modern Pentathlon. Michał Urbaniak, woyimba vayolini, anali atasamukira kale ku America mu 1973, kumene dzina lake linamveka, pamene anzake otsala kwawo ankadziwika pang'ono chabe kunja. N'chifukwa chake mbale zawo zimafuna kuzisaka.

Mukaipeza mbale yotere, yambani mwawerenga zilembo zimene zili pa kapepala ka pakati. XL ikutanthauza mono (mawu onse m'njira imodzi), SXL ndi sitiriyo (mawu ogawidwa kumanzere ndi kumanja), ndipo za pambuyo pake zimangolembedwa SX. Kenako itulutseni m'chikuto, muigwire m'mphepete ndi zikhatho, muipendeketse pafupi ndi windo kuti kuwala kudutse pamizere. Kukandika kumene chikhadabo chikukumva kudzamvekanso m'sipika, pamene timikwasa tongooneka ndi maso nthawi zambiri sitisokoneza kanthu. Zikuto zake zambiri n'zopyapyala ndipo zimang'ambika m'mbali, choncho chikuto chotha si umboni wakuti mbale nayonso yatha. Dziwaninso kuti zina zimathetheka pang'ono ngakhale zili zoyera, chifukwa kadindidwe ka nthawi imeneyo sikanali kofanana nthawi zonse, ndipo kutsuka sikungachotse phokoso lochokera ku fakitale.

Warner Music Poland itagula Polskie Nagrania mu 2015 inayamba kudindanso mbalezi, ndipo zatsopanozo zimamveka bwino, zopanda phokoso. Sindiona cholakwika kuyamba ndi zimenezi, makamaka kwa munthu amene akufuna nyimbo zokha. Chofunika n'chakuti wogulitsa anene poyera kuti mbale ndi yakale kapena yodindidwanso, ndipo wogula angadzitsimikizire yekha poyang'ana kumbuyo kwa chikuto, pakuti mbale ya mu 1973 singakhale ndi bakhodi, timizere takuda tija timene makina a m'sitolo amawerenga.