Mohawk, Ndege Imene Inaloledwa Kuona Koma Osawombera

Ndege ya OV-1 Mohawk, imene kampani ya Grumman inapangira asilikali apamtunda a ku America, inauluka koyamba mu Epulo 1959, ndipo maonekedwe ake okha ankaulula kuti ntchito yake ndi yosuzumira adani. Magalasi a chipinda cha woyendetsa anali otukumuka m'mbali ngati maso a tombolombo, moti anthu awiri okhala moyandikana m'menemo ankatha kuyang'ana pansi penipeni. Ina mwa mitundu yake inkanyamula chibokosi chachitali cha radar kunsi kwa mimba, chimene chinkaona magalimoto oyenda usiku ngakhale kutakhala mitambo.

Komatu ndegeyi inabadwira pakati pa mkangano wa pachibale. Mu 1947, asilikali a ndege zankhondo anachoka m'gulu la asilikali apamtunda n'kukhala gulu loima palokha, ndipo pangano la mu 1948 la mumzinda wa Key West linapereka kwa gulu latsopanoli pafupifupi ntchito yonse yomenya nkhondo kuchokera m'mwamba. Asilikali apamtunda anatsala ndi tindege ting'onoting'ono tolondolera mizinga, ndipo mu 1952 anawaikira malire akuti ndege yawo isalemere kupitirira mapaundi 5,000. Mohawk, ndi mainjini ake awiri, inalemera kuposa pamenepo, choncho inafunika chilolezo chapadera.

Zinthu zinafika povuta ku Vietnam, kumene ndegezi zinayamba kugwira ntchito mu 1962, zina zitamangiriridwa mfuti ndi maroketi. Eni ake ankati zidazo n'zodzitetezera, ndipo mfundo yawo inali yomveka, chifukwa munthu amene akuuluka chapansipansi pamwamba pa adani sangakonde kukhala chimanjamanja. Akuluakulu a ndege zankhondo sanamve zimenezo. Kwa iwo kumeneku kunali kulima m'munda wa eni, ndipo anaumirira mpaka zidazo zinaletsedwa. Mu 1966, akazembe awiri, Harold Johnson wa asilikali apamtunda ndi John McConnell wa asilikali a ndege zankhondo, anasainirana pangano limene linachititsa asilikali apamtunda kupereka ndege zawo zonyamula katundu za Caribou, iwo n'kupatsidwa ufulu pa mahelikopita.

Mohawk inatsala ndi makamera ndi radar yake. Zonse pamodzi zinapangidwa 380, ndipo zinalondera malire a ku Germany ndi ku Korea kwa zaka zambiri, n'kugwiranso ntchito pa nkhondo ya ku Gulf mu 1991, asilikali a America asanazipumitse mu 1996.