Okosijeni kwa wodwala sitiroko: amathandiza liti?

Nthawi zambiri sitiroko imabwera magazi akaundana n'kutseka mtsempha wopita ku ubongo. Pakatikati pa malo otsekekawo, ubongo umafa m'mphindi zochepa. Koma m'mbali mwake mumatsala chigawo chomwe chimalandirabe timagazi kuchokera m'mitsempha yoyandikana, ndipo chimatha kupulumuka mtsemphawo ukatseguka msanga.

Ndiye bwanji osangomupatsa okosijeni aliyense wogwidwa sitiroko kuti chigawochi chisafe? Ku Britain anayesa zimenezi pa odwala 8,003 m'zipatala 136, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017. Patatha masiku 90, amene analandira okosijeni wa m'mphuno sanachire kuposa anzawo omwe sanalandire. Magazi a odwala ambiri amakhala ali kale ndi mpweya wokwanira, vuto ndi njira yake. Paipi ikatsekeka, ngakhale mudzaze thanki, pampopi sipatuluka madzi.

Kafukufuku wina wa ku China, wa mu 2025, anapeza kuti odwala ena anachira bwinoko atalandira okosijeni wambiri kwa maola 4, koma uku madokotala akuchotsanso magazi oundanawo mumtsempha. Nkhaniyi ikufufuzidwabe.

Pakadali pano achipatala amachita motere: namwino amapana kachipangizo pachala cha wodwala n'kuwerenga nambala yosonyeza kuchuluka kwa okosijeni m'magazi. Ikatsika kufika pa 94 kapena kuchepera apo, amamuika pa okosijeni, chifukwa mpweya ukachepa ubongo wovulalawo umawonongekeratu. Izi zimachitika kawirikawiri kwa amene akulephera kumeza, watsamwa, kapena wadwala chibayo. Apa achibale musakane. Mphekesera zoti okosijeni amapha n'zabodza. Amaikidwa kwa anthu odwalika kale, ndiye ena akamwalira mlandu umagwera silinda. Nambala ikakhala bwino, musadandaule kuti m'bale wanu akumumana mpweya.

Mukaona pakamwa papindikira mbali imodzi, mkono kapena mwendo wafooka mwadzidzidzi, kapena mawu sakumveka, thamangirani naye kuchipatala, ndipo kumbukirani nthawi yomwe zayambira. Kumene mankhwala osungunula magazi oundana alipo, amaperekedwa pasanathe maola 4 ndi theka chiyambireni zizindikirozo. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala azitsamba, angatsamwe. Asipilini nayenso ayi, chifukwa sitiroko ina imabwera mtsempha ukaphulika, ndipo ndi sikani ya m'mutu yomwe imasiyanitsa. Ngati wakomoka, mugonekeni chammbali paulendo wonse.